Zitsamba za red currant kwa agogo ku Randburg: zauma kapena zagona?

Mwezi wa Julaye

Bambo a Tadala:
Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya kumunda, makamaka kwa inu anzanga a m'magadeni. Ndinayamba ntchito mu Epulo pa nyumba ina ku Randburg, kwa agogo ena achizungu amene anabadwira ku Germany. Kuseri kwa nyumbayo kuli zitsamba zinayi zondilekeza m'chiuno. Pamene ndinkafika zinali ndi masamba onga a mphesa koma ocheperapo, pano onse ayoyoka, kwatsala timitengo tokhatokha. Ine ndinaona ngati zauma, dzulo ndinatenga khasu kuti ndizule. Agogowo anatuluka ndi ndodo yawo akunjenjemera, akuti ndisakhudze, anabzala ndi malemu amuna awo. Dzina lake akuti red currant. Akuti zaka zitatu zapitazi sizinabereke kanthu kooneka, ndipo akulakalaka atadyako jamu wake Khirisimasi ino. Ndi munthu wa zaka 84, miyendo ikuwavuta, ndipo amandisunga bwino. Sindikufuna kuwakhumudwitsa. Alipo amene amazidziwa zimenezi?

Kondwani wa ku Cosmo City:
Ankolo, currant si timphesa touma takuda tija amaika m'mabanzi ndi mu keke? Timapezeka m'mashopu onse ku mbali ya zophikira makeke.

Nambewe:
Ayi Kondwani, dzina lokha ndi limene likufanana. Touma tija ndi mphesa ndithu, mtundu waung'ono umene unachokera ku Greece, dzina lake linatengedwa ku mzinda wa Corinth, Korinto yemweyo wa m'Baibulo. Red currant ndi chomera china. Kukhitchini kumene ndimagwira ku Rosebank amabwera nato mu timabokosi ting'onoting'ono, mwa apo ndi apo, ndipo mtengo wake ndi wowawa. Ndi tizipatso tofiira piriwiri, toonekera mkati ngati mikanda ya galasi, tolendewera pa kamtsitsi kamodzi, khumi kapena kupitirira. Ukaika mkamwa nkhope imachita makwinya ngati walawa bwemba. Timakongoletsera makeke, kapena kupangira jeli wodyera nyama ya nkhosa.

Che Jafali:
Bambo a Tadala, khasulo bwezerani m'shedi. Tengani chala chanu mukande khungwa la nthambi imodzi ndi chikhadabo. Mukaona zobiriwira mkati, chitsambacho chili moyo, changogona. Inu ndinu a ku Ntcheu, mapichesi a ku Tsangano nthawi ino amakhala ndi masamba? Ndi chimodzimodzi. Ine ndagwira ku nazale ku Muldersdrift zaka 16, ndipo red currant ndinamuonapo mwa makasitomala awiri okha, onse anthu ochokera ku Ulaya. Mbewu imeneyi kwawo ndi kumadzulo kwa Ulaya, dzina la m'mabuku ndi Ribes rubrum, Mabunu amati aalbessie. Imafuna kuzizidwa kuti ibereke. Mabuku amanena maola 800 kapena kupitirira apo pamene kuzizira kuli pansi pa madigiri 7. Ikapanda kugona tulo tokwanira m'chisanu, imadzuka mwaulesi, masamba apa ndi apo, maluwa ochepa. Joni ili pamwamba, mamita oposa 1,700, n'chifukwa chake usiku wa Juni ndi Julaye umaluma chonchi, ndipo n'chifukwa chake zitsambazo zakhala moyo mpaka lero. Ku Durban sizikanatheka. Koma ndikuuzeni zoona, kuno tili m'malire. Masana athu a m'chisanu amatentha, ndipo kutenthako kumafafaniza kuzizira kwa usiku. Ku Free State cha ku Ficksburg ndi Clarens, kumene amalima matcheri, n'kumene ikanasangalala.

Bambo a Tadala:
Ndakanda Che Jafali, zonse zinayi zili zobiriwira mkati. Mtima wanga wakhala pansi.

Che Jafali:
Tsopano ndiyankheni izi. Dzuwa limazimenya nthawi yanji? Ndipo zaka zitatu zapitazo chinasintha n'chiyani pamalopo? Mbewu siyingosiya kubereka popanda chifukwa.

Bambo a Tadala:
Dzuwa limafikapo kuyambira 11 koloko mpaka kulowa. Za kusintha ndawafunsa agogo. Akuti panali mtengo waukulu wa jakaranda chakumadzulo, mizu yake inkang'amba mpanda, ndiye anaudula chaka chimene amuna awo anamwalira. Chitsa chake chilipo, ndimakhalapo pomwa tiyi. Akutinso chimwalirire bambowo palibe amene anaduliraponso zitsambazi.

Che Jafali:
Basi, matenda tawapeza, ndi awiri. Bamboyo ankadziwa chimene ankachita. Anabzala pamene dzuwa la m'mawa limafika koma la masana limatchingidwa ndi mtengo. Red currant ndi mbewu ya m'mphepete mwa nkhalango, mthunzi pang'ono imaukonda, mizu yake imayenda pamwamba penipeni, ndiye nthaka ikatentha imavutika msanga. Dzuwa la Novembala kuno limawaula masamba ake mpaka m'mphepete kuuma ngati fodya. Mtengo sitingaubwezere, koma auzeni agule neti ya mthunzi ija ya 40 peresenti, muimike mitengo inayi, muikokere pamwamba ndi mbali ya kumadzulo kuyambira Seputembala. Pano m'chisanu musaike, zisiyeni zizizidwe.

Chachiwiri ndi kudulira, ndipo nthawi yake ndi ino zikugona. Mvetsetsani bwino apa, chifukwa ambiri amalakwitsa. Red currant amabereka pa nthambi za zaka ziwiri ndi zitatu, pa tinthambi tafupi ta m'mbali, komanso m'tsinde mwa mphukira za chaka chatha. Mukameta chitsamba chonse ngati mpanda wa hedge, mwataya zipatso. Mukasiya osadula, nthambi zokalamba zimadya chakudya koma kubereka pang'ono. Yang'anani mtundu wa khungwa. Zotuwa mowala ndi zatsopano. Zakuda, zokakala, zosenda khungwa, ndi nkhalamba. Nkhalambazo dulani pansi penipeni, koma chaka chino musapitirire gawo limodzi mwa magawo atatu, poti chakhala nthawi osadulidwa. Chotsaninso zouma, zogona pansi, ndi zopingasa pakati. Cholinga n'choti chitsamba chikhale ngati dengu, pakati pali mpata woti mphepo izidutsa, nthambi zikuluzikulu zisanu ndi zitatu kapena khumi. Tinthambi ta m'mbali tifupikitseni, musiye maso awiri. Sizasi ikhale yakuthwa.

Nachisale ku Dublin:
Moni a pa Joni, ine ndinachoka kumeneko koma pagulu pano sindichoka. Zimene akunena Che Jafali ndi zoona. Kuno ku Ireland zitsamba zimenezi zimamera popanda kuzinyengerera, mayi amene ndimachita lendi kwawo ali nazo kuseri ndipo chitsamba chimodzi chokhwima chimatha kupereka makilogalamu atatu kapena anayi. Zimapsa mu Julaye, ino ndi nthawi yake, dzulo lomweli tathyola. Kwa inu zidzakhala Disembala kapena Januwale poti nyengo ndi yotembenuka. Chinthu chimodzi muchenjere nacho mukamawerenga pa intaneti: akamalemba kuti bzalani ku khoma loyang'ana kumpoto, akunena za kuno. Kumeneko khoma la mthunzi ndi loyang'ana kum'mwera.

Bambo a Tadala:
Zikomo achemwali. Agogo ndawawerengera zonsezi m'Chingerezi changa chomwechi, misozi inalengeza. Akuti m'chinenero chawo amati Johannisbeere, chifukwa kwawo zimayamba kupsa cha pa 24 Juni, tsiku la Yohane Mbatizi. Akuti amuna awo ankanena kuti chipatso cha Yohane chiyenera kumera mu mzinda wa Johannesburg, ngakhale mayinawo sakuchokera kumodzi. Mtundu wake akukumbukira, akuti Jonkheer van Tets.

Che Jafali:
Umenewo ndi wa ku Holland, wopsa msanga. Palinso Rovada wa konko, wopsa mochedwa, ndi Red Lake wa ku America. Nthambi zatsopano zimene mudulezo musataye. Sankhani zonenepa ngati pensulo, mudule kutalika kwa rula ya kusukulu, masentimita 30, muzike m'nthaka yofewa ngati mmene timabzalira chinangwa, theka kapena kupitirira likwiririke. Muike ku khoma la kum'mwera lija. Zikagwira, agogo adzakhala ndi ana a zitsamba za amuna awo pamalo oyenera. Kusamutsa zakalezo sindingakulimbikitseni, zakula kwambiri. Komanso musaiwale kuti chisanu cha kuno n'chouma, osati ngati cha ku Ulaya. Thirirani pang'ono pakatha masabata awiri. Ikani manyowa owolerana bwino, phulusa la nkhuni dzanja limodzi pa chitsamba, kenako muphimbe nthaka ndi masamba ouma kapena udzu, osagunditsa ku tsinde. Khasu lisayandikire, udzu muzizula ndi manja.

Madalitso wa ku Turffontein:
Abale, ine ndaona uthenga wina ukuyenda pa WhatsApp woti red currant amachiza shuga, amatsitsa BP komanso amatsuka magazi. Ngati zili choncho Bambo a Tadala mwakhala pa chuma. Mayi anga ku Balaka akuvutika ndi shuga, zikapsa mundigaireko ndiwatumizire.

Mayi a Chisomo:
Achimwene a Madalitso, pepani ndi matenda a mayi, koma apa ndiyankhula mosabisa chifukwa ndi nkhani ya moyo. Ine ndimasamalira okalamba ku Kempton Park ndipo ndaona anthu akufika poipa chifukwa chosiya mapiritsi n'kudalira mauthenga oterewa. Palibe chipatso chimene chimachiza shuga. Mayi apitirize mankhwala a kuchipatala ndi kukayezetsa pa tsiku limene anawauza. Ndipo taganizani, tizipatso timeneti n'towawasa kwambiri moti anthu ambiri amatidya ndi shuga wambirimbiri. Mukawatumizira jamu ndiye kuti mwawatumizira chimene dokotala anawaletsa.

Ubwino ulipo, sindikukana. Mu magalamu 100 muli vitamini C pafupifupi mamiligalamu 41, pamene munthu wamkulu amafunika 75 mpaka 90 pa tsiku. Vitamini ameneyu amathandiza nkhama, khungu, kupola kwa zilonda, ndiponso amathandiza thupi kuyamwa ayironi wa mu nyemba ndi masamba, zimene zili zofunika kwa ife azimayi amene magazi amatichepera kawirikawiri. Mulinso zokakala zija zothandiza kuti m'mimba muziyenda, magalamu anayi pa 100 aliwonse, poti umadya ndi khungu ndi njere zomwe. Shuga wake wachibadwa ndi wochepa poyerekeza ndi mphesa kapena nthochi. Kufiirako kumachokera ku zinthu zimene amati anthocyanin, zomwe zilinso m'mabulosi. Ndi chakudya chabwino, koma ndi chakudya basi.

Madalitso wa ku Turffontein:
Koma mayi, azungu sangalembe zinthu popanda kufufuza. Komanso makolo athu ankachira ndi zitsamba zipatala kulibe.

Mayi a Chisomo:
Uthengawo walemba ndani achimwene? Uli ndi dzina? Nthawi zambiri kumapeto kwake kumakhala nambala ya munthu wogulitsa mabotolo. Makolo sindikuwanyoza, agogo anga omwe ankadziwa mitengo. Koma tiyeni tiyerekeze ndi za kwathu. Lalanje lili ndi vitamini C pafupifupi mamiligalamu 53 pa magalamu 100, kuposa red currant. Gwafa amaposa 200, kasanu kuposa tizipatso ta ku Ulaya timeneti, ndipo ku Balaka magwafa amaolera pansi. Malambe ali ponseponse kumeneko, nawonso ndi odzaza vitamini C. Ngakhale m'banja lake lomwe, red currant amagonja kwa m'bale wake wakuda, blackcurrant, amene ali ndi pafupifupi 180. Ndalama imene mukanalipira wa basi kuti anyamule kabotolo kudutsa Beitbridge, atumizireni mayi agulire ndiwo zamasamba, nyemba, usipa, ndi thiransipoti yopitira kuchipatala.

Nachisale ku Dublin:
Mayi a Chisomo anena zoona. Kuno kumene zimamera ngati udzu, anthu odwala shuga ali mbwee m'zipatala.

Madalitso wa ku Turffontein:
Ndamva. Mtima umangofuna kuchitapo kanthu ukakhala kutali ndi kholo lodwala.

Mayi a Chisomo:
Zimenezo tonse tikuzidziwa achimwene, palibe akukuweruzani. Muziwaimbira kuwakumbutsa mankhwala, kumeneko n'kuchitapo kanthu kwakukulu. Bambo a Tadala, inunso kanthu kamodzi. Okalamba ambiri amamwa mankhwala osungunula magazi otchedwa warfarin, amene amasokonezeka munthu akasintha mwadzidzidzi kuchuluka kwa vitamini K m'zakudya. Mu red currant vitamini K alimo koma wochepa, sipuni ya jamu pa buledi si nkhani. Vuto limene mungalione ndi chilungulira akadya zaziwisi zambiri, chifukwa cha kuwawasa.

Mwezi wa Okutobala

Bambo a Tadala:
Abale ndabweranso. Zitsamba zinaphuka kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo maluwa anatuluka, ngati mungawatche maluwa. Tinthu tobiriwira motuwa tolendewera, ukapanda kuyang'anitsitsa sungaone. Njuchi zinabwera. Neti ndinaika. Zitsamba zitatu zili ndi timatsango tambiri ndithu, chimodzi cha kumapeto, chimene chinkapsa kwambiri ndi dzuwa, chili ndi masamba okha. Koma tsopano masamba ena a kunsonga atupa matuza ofiira ngati apsa ndi madzi otentha. Ndi matenda?

Che Jafali:
Tembenuzani tsambalo muone kunsi. Mupeza tinsabwe totuwa mwachikasu. Zimayamwa kunsi, pamwamba n'kutupa. Zimaoneka zoopsa koma chitsamba sichifa nazo, ndipo zipatso sizionongeka kwenikweni. Thothola masamba oipitsitsa, otsalawo upopere kunsi ndi madzi a sopo wochepa, madzulo dzuwa litapepa. Pepani ndakutchulani ngati mwana, ndazolowera anyamata a kunazale. Mankhwala amphamvu musathire, mungaphe njuchi ndi tizilombo tofiira ta madontho tija timene timadya nsabwezo.

Chimene ndikuopa ine ndi matalala. Mukudziwa mmene mvula ya kuno imabwerera masana mwezi uno ndi wamawa. Netiyo imangeni yopendekera kuti matalala azigubuduka, ikakhala yafulati amaunjikana pakati n'kugwetsa zonse pamwamba pa zitsamba. Madzi tsopano onjezerani, kawiri pa sabata ngati mvula sinagwe, pansi osati pa masamba. Nthawi imene zipatso zikufufuma, ludzu limayoyola zipatso zambiri.

Kondwani wa ku Cosmo City:
Ankolo, ine nkhaniyi yandigwira mtima. Kwathu ku Dedza cha ku Bembeke kumazizira mpaka madzi a mu ndowa kuluma mano. Ndikupita Disembala. Sindingatenge timitengo tingapo ndikayese? Ngati Nambewe akuti kabokosi kamodzi n'kodula, mwina mahotela a ku Lilongwe angagule.

Che Jafali:
Mwana wanga, maganizo ndi abwino koma ndikuuze ziwiri. Mbewu yamoyo sudutsa nayo pachipata ngati thumba la zovala. Pamafunika chilolezo cha unduna wa zamalimidwe kwathu ndi kalata yotsimikiza kuti ilibe matenda kuchokera kuno. Si nkhanza. Banja limeneli la Ribes limasunga chiwawu china chimene chimapha mitengo ya paini ya mtundu woyera, moti ku America boma linaletsa kulima mu 1911, ndipo chiletso cha dziko lonse chinachotsedwa mu 1966. Paini wa ku Chikangawa ndi wa mtundu wina, koma ukuona chifukwa chake maboma safuna kuti mbewu zizingoyenda m'zikwama. Funsa a ku Bvumbwe, kumene amafufuza za zipatso, kapena alangizi a kwanu.

Chachiwiri, kuzizira kwa Dedza kumatiluma ife, koma kwa chitsamba ichi ndikukayika ngati kukukwana. Mapichesi amene amachita bwino kwathu ndi mitundu yosafuna chisanu chambiri. Red currant amafuna chochuluka. Ukhoza kuthirira zaka zitatu n'kumakolola masamba. Komanso Disembala si nthawi yodula mbewu yake, imakhala ili maso.

Nambewe:
Kondwani, ngati ukufuna chofiira, chowawasa, chopanga jamu wokongola, kwathu chilipo kale: chidede. Ife timangodziwa kuthira masamba ake mu ndiwo, koma zikhokho zofiira zija ukaziphika ndi shuga zimatulutsa jamu wogwirana bwino, mtundu wake sungasiyanitse kwambiri ndi wa red currant. Anthu a ku West Africa amene ali ku Yeoville amagulitsa zouma, amapangira chakumwa. Ndipo ku Dedza sitiroberi amachita bwino, waonanso ana a pa phiri la Zomba akugulitsa m'timadengu m'mbali mwa msewu. Yamba ndi zimene nthaka yavomera kale. Kunonso, mipanda ya minga ija ya maluwa oyera onunkhira imene Azulu amati amatungulu imabereka zipatso zofiira, zikapsa bwino zimapanga jeli wabwino, koma mabwana ambiri amangosiyira mbalame.

Kondwani wa ku Cosmo City:
Chidede chomwechi cha kuseri kwa khola? Achemwali mwanditsegula maso. Komabe kamtengo kamodzi ndikufuna ndiyese konkuno mu chigubu, ndione ndi maso anga.

Bambo a Tadala:
Mwa timitengo 12 timene ndinazika mu Julaye, 7 taphuka. Ndiwapempha agogo, sindikuganiza kuti angakane.

Mwezi wa Disembala

Bambo a Tadala:
Che Jafali, Nambewe, thandizeni msanga. Zayamba kufiira sabata yatha, koma apumbwa atulukira. Akulowa m'mbali mwa neti, m'mawa uno ndapeza timatsango tina tatsala timitsitsi tokha. Ndithyole zonse lero?

Che Jafali:
Musathamange. Kufiira si kupsa. Tsekani m'mbali monse mpaka pansi ndi neti ya mbalame kapena makatani akale a lesi, mutsindire ndi njerwa, ndipo muikoke yolimba kuti mbalame isakodwemo. Dikirani mpaka tsango lonse lifiire kufikira kachipatso ka kunsonga, kenako masiku ena atatu kapena anayi. Mbewu imeneyi ikachoka pa mtengo sipitiriza kupsa ngati nthochi.

Nambewe:
Koma ngati cholinga ndi jeli musadikirenso mpaka zifewe, zongopsa kumene n'zimene zimagwirana bwino. Pothyola musamatole kamodzikamodzi, khungu lake n'lopyapyala, muphula zonse. Dulani tsango lonse ndi sizasi, m'mawa mame atauma, muike mu mbale yotakata osasanjikiza kwambiri. Mvula ikagwa dikirani ziume, zonyowa zimachita nkhungu msanga. Mu furiji zimakhala masiku ochepa. Ngati sizikupsa nthawi imodzi, zoyambazo ziumitseni mu firiza, zimasungika miyezi. Mukafuna kuchotsa ku mitsitsi, lowetsani kamtsitsi pakati pa mano a foloko n'kukokera pansi, zimayoyokera mu mbale zokha.

Bambo a Tadala:
Ndathyola kawiri, Lolemba ndi lero. Pa sikelo ya agogo zonse pamodzi zakwana kilogalamu imodzi ndi magalamu 300. Ndikudziwa kuti kwa a Nachisale zimenezi ndi za chitsamba chimodzi chosakwana, koma agogo akuti chimwalirire amuna awo sanaonepo zodzaza mbale. Anakhala pakhonde ndi mbaleyo pamiyendo nthawi yaitali osayankhula. Manja awo sagwira bwino tsopano, ndiye andipempha kuti ndiphike ine iwo azindiuza, koma miyezo aiwala. Achemwali a Nambewe, ndiyambire pati?

Nambewe:
Mwagwira ntchito achimwene. Tsukani mopepuka, mitsitsi musavutike kuchotsa poti mudzasefa. Ikani mu poto wa sitilo, osati wa aluminiyamu wopyapyala uja, kuwawasa kumadya chitsulo n'kusintha kakomedwe. Thirani madzi kapu imodzi ndi theka, muphike pa moto wochepa mphindi 20 kapena 30 mpaka zonse ziphulike, muzikanya ndi chipande. Kenako tengani nsalu yoyera yowiritsa, ngakhale pilokesi, muthiremo, mumange, mupachike pamwamba pa beseni usiku wonse. Apa ndi pamene pamafunika mtima: musafinye. Mukafinya mupeza madzi ambiri koma jeli adzakhala wa mbuu, pamene agogowo akukumbukira woonekera ngati galasi.

M'mawa yezani madziwo. Pa mamililita 600 aliwonse, shuga magalamu 450. Sungunulani shuga pa moto wochepa kaye, kenako muwonjezere moto ziwire kwambiri. Simufunika kugula pectin wa m'paketi, amene amagwiranitsa jamu, chipatsochi chili naye wambiri mwachibadwa, n'chifukwa chake ophika amachisakaniza ndi sitiroberi amene sagwirana yekha. Pakatha mphindi 8 yambani kuyesa. Ikani sosala mu firiza, mudonthezepo pang'ono, dikirani mphindi imodzi, mukankhe ndi chala. Pakachita makwinya, wapsa, phulani.

Ngati agogo ali ndi choyezera kutentha, samalani. Mabuku a ku Ulaya amati jamu amagwira pa madigiri 104 kapena 105. Zimenezo ndi za m'mphepete mwa nyanja. Kuno pamwamba madzi amawira pa madigiri 94, ndiye jamu amagwira cha pa 98 kapena 99. Mukalimbana kuti mufike 105 mudzapeza phula lomata mpeni. Inu khulupirirani sosala. Mabotolo muwawiritse, muthire jeli akadali wotentha, mutseke pomwepo.

Nachisale ku Dublin:
Musunge kambale kamodzi kaziwisi. Mnzanga wa ku Germany kuntchito amaphika phala lofiira la zipatsozi lotchedwa Rote Grütze, amalimbitsa ndi ufa wa sitachi n'kudya ndi kirimu. Afunseni agogo, mwina ndi chakudya cha ubwana wawo. Ku France kuli tauni ya Bar-le-Duc kumene amachotsa njere m'kachipatso kalikonse ndi nthenga ya tsekwe asanapange jamu, koma inu musafike kumeneko.

Bambo a Tadala:
Abale, zatheka. Madzi anatuluka mamililita 800, ndinathira shuga magalamu 600. Ulendo woyamba pa sosala panangoyenderera, ndinawiritsanso mphindi zitatu, ulendo wachiwiri panachita makwinya monga munanenera. Atuluka mabotolo ang'onoang'ono anayi. Ukaika padzuwa kuwala kumadutsa. Agogo adya pa buledi ndi batala m'mawa uno, magawo awiri, munthu amene masiku ano amangolawa chakudya. Rote Grütze ija nditatchula anaseka, akuti mayi awo ankaphika Lamulungu, koma zipatso zatha, akuti chaka chamawa. Botolo limodzi asungira mwana wawo amene abwere kuchokera ku Cape Town, limodzi andipatsa ine. Ndalawa ndi ana, Tadala akuti likukoma ngati malambe a shuga. Che Jafali, ndikufuna mulaweko inunso, ndinu munaona za jakaranda zija.

Che Jafali:
Alhamdulillah. Ndidzalawa. Koma ntchito sinathe bambo. Neti ya mthunzi ikhale mpaka Malichi, madzi musasiye chifukwa maso a chaka chamawa akupangika panopa. Mphukira zatsopano za m'mbali zikatalika, zifupikitseni musiye masamba asanu. Chachinayi chija chosabereka chipatseni chaka china. Timitengo 7 tija musatisunthe mpaka Juni, ndipo podzabzala mutalikitse mita imodzi ndi theka. Zipatso zake muyembekezere chaka chachiwiri kapena chachitatu.

Kondwani wa ku Cosmo City:
Ndiye kanga kaja ndidikire Juni, ankolo?

Bambo a Tadala:
Eya, agogo avomera, akuti utenge tiwiri. Upeze chigubu cha malita 20, uboole pansi. Che Jafali, Loweruka ndimaweruka 1 koloko, ndikwera taxi ya ku Honeydew, ndikakuimbirani ndikafika pa renki.